Geti Lobiriwira

Telala anatuluka papolisi mochedwa, mtima ukuwira.

Anali atakhala pabenchi kuyambira dzuwa likulowa. Mlongo wake, yemwe kunyumba ankangomuti Mzime poti ndiye wotsiriza kubadwa, sanabwere kuchokera kuntchito. Foni yake inkangoitana. Mzime anali ndi matenda a shuga, ndipo m'mawa uja anaiwala jakisoni wake patebulo. Tsopano jakisoniyo anali m'chikwama cha Telala.

"Mayi, ameneyo ndi munthu wamkulu," anatero wapolisi wa pakauntala, maso ali pafoni. "Mwina ali kwa chibwenzi. Akapezeka tikuimbirani."

"Muimba bwanji nambala yanga simunalembe?"

"Tikuimbirani, mayi."

Telala anamenyetsa chitseko. Minibasi zinali zitatha. Anauyamba wapansi, akutukwana chamumtima.

Apolisi ankawadziwa bwino. Kalekale, iye akuphunzira kumene kusoka, bambo ake anagwa padepoti ya basi. Apolisi anawatola n'kukawasiya kuchipatala. Bambowo anali akuyankhulabe. Analongosola njira yonse ya kunyumba. Palibe anabwera kudzanena. Banja linafunafuna mpaka kukawapeza mumochale, atazizira kale. Atapita kukafunsa, apolisi anangoti, "Tinatuma munthu." Telala sanadikire kumva zambiri. Anawalalatira n'kutuluka. Munthu wotumidwayo Telala anam'patsa yekha dzina: Chidakwa. Ankamuona m'maganizo ali mubala, chipewa chili pabondo, uthenga wa bambo ake ukumira m'botolo.

Lero abwerezanso. Anthu ake omwewo!

Anadutsa mashopu otseka. Alonda atadzikulunga m'makatoni. Galu akukoka thumba la zinyalala. Kenako nyumba zinatha, msewu n'kutsetserekera kumlatho. Magetsi a pamlathopo anafa kale. Mtsinje unali utauma, fumbi lokhalokha, mvula isanagwe n'kamodzi komwe.

Ngiri ngiri!

Belu la njinga. Kumbuyo kwake.

Anatembenuka. Wapolisi. Wamtali, wowonda, akukankha njinga yakuda. Yunifolomu yake inali yachikale, ya mabatani akuluakulu, imene Telala anasiya kalekale kuiona pamashini ake osokera.

"Pepani, mayi. Ndikufuna nyumba ya geti lobiriwira. Akuti ndikadutsa mlatho ndikhotere kumanzere, pafupi ndi chigayo."

Mkwiyo wonse wa pabenchi paja unam'bwerera Telala.

"Ndiye mwati mufunse ine? Ine ndakhala kwanuko mpaka msana kuuma, mnzanu akusewera pafoni! Chigayo chake chiti? Chinatsekedwa kalekale, pano amawotchererapo zitsulo. Mumalandira malipiro a chiyani anthu inu? Munthu akagwa mumsewu mumam'taya kuchipatala ngati thumba la makala. Abale ake azilota okha? Mulibe manyazi?"

Wapolisiyo anangoima, mutu uli pansi.

Dontho. Dontho linanso.

Telala anayang'ana pansi. Madzi ankatsika m'chipewa cha munthuyo. M'manja. M'miyendo ya buluku. Pansi pa nsapato zake panali chithaphwi, ndipo chinkakula, chikukwawira kumapazi a Telala. Fungo la matope linamuwomba.

Kumwamba kunali nyenyezi zokhazokha.

"Wodwala wanu ali kuchipatala chachikulu," anatero wapolisiyo. Mawu ake ankamveka ngati ochokera m'chitsime. "Wodi ya abambo. Bedi la kumapeto, pafupi ndi khoma."

"Ndani? Mzime?"

"Akuti, mukamuuze mwana wanga wamkazi, wophunzira kusoka uja... abwere ndi mankhwala."

Mwana wanga...

Uthenga wa bambo ake! Telala anabwerera m'mbuyo.

Ngiri ngiri!

Belu linalira lokha. Manja a munthuyo anali lende m'mbali. Njinga inaima yokha, popanda woigwira!

Wapolisiyo anadzutsa mutu. Pansi pa chipewa panali mdima. Mdima basi.

"Ndachedwa, mayi. Ndachedwa kwambiri. Inu musachedwe."

Telala anathawa. Osati kulowera kunyumba. Anabwerera m'tauni, nsapato imodzi itatsala pamlatho, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Sanacheuke. Belu linam'tsatira mpaka pamashopu. Kenako zii.

Pageti la chipatala mlonda wokalamba anatambasula dzanja.

"Nthawi yoona odwala inatha, mayi."

"Ndigwireni muone!"

Anam'pitirira. Khonde lalitali. Fungo la mankhwala. Wodi ya abambo. Bedi la kumapeto, pafupi ndi khoma.

Mzime!

Anali gone, milomo itauma, akupuma mwabefu. Malaya ake a kuntchito anali ndi fumbi, matumba atapisidwa. Foni panalibe.

"Mumam'dziwa?" anafunsa namwino akubwera ndi tochi. "Apolisi am'bweretsa madzulo. Akuti am'tola m'ngalande ataledzera. Tikudikira mowa umuchoke."

"Mowa wa chiyani? Ameneyu mowa salawa! Ndi shuga! Fungo mukumvalo ndi shuga! Jakisoni wake ndi uyu!"

Namwino anam'baya Mzime chala. Anayang'ana kamakina koyezera shuga. Nkhope inasintha. Anathamanga akuitana dokotala. Posachedwa panali madiripi, mapazi, mawu ofulumira. Telala anakankhidwira panja.

Anakhala pamasitepe, phazi limodzi lili losavala. Patapita nthawi namwino anasuzumira pakhomo.

"Watsegula maso. Akufunsa achemwali ake. Mukanabwera m'mawa, bwenzi tikukamba zina."

Telala anagwira kumaso. Mapewa ankagwedezeka.

Mlonda uja anabwera pang'onopang'ono n'kumuikira patsogolo masilipasi akale.

"Munandiopseza, mwana wanga. Koma wakuuzani ndani? Anyamata am'bweretsa aja sanafunse n'dzina lomwe."

"Mnzawo wina. Wa njinga. Pamlatho. Wonyowa thupi lonse."

Mlondayo anakhala pansi mwadzidzidzi.

"Wamtali? Wowonda? Amafunsa geti lobiriwira?"

Telala anavomera ndi mutu.

"Ine ndinali wapolisi ndisanapume," anatero mkuluyo. "Ameneyo ndinam'tuma ndine. Tinali titatola bambo wina padepoti. Usiku umenewo kunagwa chimvula choopsa, madzi akudutsa pamwamba pa mlatho. Ndinamuuza kuti, dikira kuche. Iye anati, bwana, munthuyu kukamacha sakhalapo, ana ake amve lero. Anakwera njinga. Njingayo tinaipeza itakodwa m'mabango. Mwiniwake anapezeka patapita milungu, kutali kumunsi."

"Sanali... sanali kubala?"

"Kubala? Ameneyo ngakhale fodya sankamudziwa. Anasiya mkazi ali ndi pakati." Mkuluyo anapukusa mutu. "Anamwalira inu muli mtsikana. Anthu oyenda usiku amakumana nayebe. Funso lake ndi lomwelo. Koma dera lonselo mulibe geti lobiriwira. Ine ndinakayendamo ndekha, nyumba ndi nyumba, kuti mwina ndikaupereka ine uthengawo, mnzanga agone."

Telala anayang'ana manja ake.

Maliro a bambo atangotha, mkwiyo utam'sowetsa tulo, anagula chitini cha penti. Geti lawo lobiriwira lija analipaka yekha, usiku, akutukwana Chidakwa.

Analipaka lakuda.