Pepani wa M'nyuzipepala

Corinne Pruitt atangolowa m'basi yachikasu ya kusukulu, anyamata a kumbuyo anayamba kuimba mluzu.

"Mwadzuka bwanji, achemwali? Lero bedi lauma?" anakuwa Wendell wa m'kalasi mwake, basi yonse n'kufa nazo nseko.

Bambo ake, a Orville Pruitt, anali mtolankhani wotchuka mumzinda wonse wa Toledo. Lamulungu lililonse ankalemba m'nyuzipepala za moyo wawo, ndipo anthu ankazikonda zedi. Koma abale inu, munthuyu sankasunga chinsinsi! Sabata imeneyo anali atalemba za mmene Corinne ankakodzera pogona amayi ake atangomwalira. Inali nkhani yogwetsa misozi, inde, koma mwini wakeyo anali mtsikana wamkulu wa kusekondale.

Madzulo Corinne anawapeza bambo akewo m'khitchini akukazinga mazira.

"Adadi, zija tinkadziwa awiriwiri."

"Koma mwanawe, nkhani ija yathandiza ambiri ofedwa."

"Nanga ine yandithandiza chiyani? Ndine mwana wanu kapena ndine nkhani?"

A Pruitt anatembenukira kwa mwanayo, mazira n'kupserera. "Ndalakwa," anatero. "Ndikonza."

Corinne anawakhulupirira, wosauka. Analira pachifuwa pawo n'kuwauza zonse: za Wendell, ndiponso zoti masiku amenewo ankadyera nkhomaliro m'chimbudzi cha kusukulu pothawa anzake.

Lamulungu m'mawa nyuzipepala inagwa pakhonde. A Pruitt anathamanga nayo kuchipinda kwa mwanayo, nkhope ili mwee.

"Taona! Ndakupepesa pamaso pa mzinda wonse."

Mutu wake unali wakuti "Pepa, Mwana Wanga." Zonse zinalimo: misozi ija, chimbudzi chija, ngakhale funso lake lija, liwu ndi liwu. Foni inali itayamba kale kulira, anthu akuyamikira kuti sanalembepo yokoma chotero.

"Wakondwa?" anafunsa a Pruitt.

Corinne anapinda nyuzipepalayo bwinobwino n'kuwabwezera. "Ili bwino."

Mawa lake a Pruitt anamufunsa za kusukulu. "Bwino." Za anzake. "Bwino." Atamaliza sukulu anasamukira kutali, ku Oregon.

Nkhani yopepesa ija inalowa m'mabuku a ana asukulu, ndipo aphunzitsi ankati chikondi cha bambo n'chimenechi. Eni ake anakalamba okha m'nyumba ija. Pa Khirisimasi ankaimba foni.

"Corinne, tandiuzako kanthu, ngakhale kakang'ono. Sindilemba, ndithu."

Kumbali inayo kunkamveka kulira kwa khanda, mdzukulu amene sanamuonepo.

"Tili bwino, Adadi."