Katapila Wozima Yekha

Dzuwa litapendeka, makaniko anakhala pakhonde akutsuka masipanala m'beseni la palafini. Mkazi wake, amene ankasokera anthu zigamba m'mudzimo, anali pambali akusokerera batani pa ovolosi ya mwamunayo. Ulusi wakuda unali utatha, ndiye ankasoka ndi wobiriwira.

"Mupitanso mawa kwa katapila uja, bambo?"

"Ndipita. Ndikapanda kupita, achemwali aona zakuda."

"Achemwali anuwo," anatero mkaziyo, n'kudula ulusi ndi mano.

Katapilayo, chimakina chokumbira nthaka, anabwera kudzakumba ngalande ya msewu, ndipo atangofika kuseri kwa nyumba ya achemwali ake a makaniko, anayamba kuzima yekha. Ankalira bwinobwino, kenako n'kutsamwa, zii, pakagalasi ka m'kabini n'kutuluka nambala ya vuto. Dalaivala woyamba, mnyamata wanthabwala amene ankabweretsa malaya ake kwa mkazi wa makaniko kudzasoketsa, anatsika tsiku lina masana magazi akuchucha m'mphuno. Tsiku lachitatu anamuika m'manda. Wachiwiri ankalumbira kuti m'mawa uliwonse amapeza injini ikutentha, pomwe kiyi wagona m'thumba mwake. Madzi a pachitsime anayamba kununkha dizilo, ndipo ena ankati ukagunditsa khutu pansi umamva kulindima.

Mudzi ukafuna mfiti suyenda mtunda wautali. Unapeza achemwali a makaniko, mayi wamasiye, wopanda mwana, wokhala yekha m'nyumba yamalata imene makolo anasiya. Amene anayamba kuwatchula sankadziwika, paja mphekesera ilibe mwini. Koma anthu omwe aja ankapempha mchere ndi kubwereka makasu kwa achemwaliwo ndi amene anapangana kuti katapila akazimanso, nyumbayo iona moto.

Kutacha makaniko anapeza anthu atazungulira makinawo ngati pali maliro. Analumikiza kakompyuta kake, nawerenga nambalayo, mtima n'kukhala pansi.

"Akuti chiyani?" anafunsa kapitawo wa pamsewu.

"Ndi sensa yowerenga liwiro la injini. Kunsonga kwake kuli maginito, amawerenga mano a gudumu la injini likamazungulira. Ikalephera kuwerenga, makina amaganiza kuti injini yaima, basi n'kutseka mafuta."

"Ndiye si zakumudzi?"

"Zakumudzi zake ziti? Bweretsani sipanala."

Anatsatira waya yense osapeza podukira. Anamasula sensayo, ndipo kunsonga kwake kunali tizitsulo tating'ono tonyezimira titakakamira. Zaka makumi awiri pantchito zinali zitamuphunzitsa kuti maginito amatola nyenyeswa za chitsulo, choncho anangopukuta ndi sanza osayang'anitsitsa, n'kutaya. Anaika sensa yatsopano, kuimanga, n'kulemba mzere wa penti yachikasu kuchokera pa sensayo mpaka pa injini, kuti wina akaigwira adziwe. Katapila analira mokoma.

Apa m'pamene pakamwa panamupereka. Ataona nkhope za anthu aja, ukali ndi matama zinamukwera pamodzi.

"Mwaona? Ufiti wanu ndapukuta ndi sanza! Ine ndamanga ndekha. Akazimanso ameneyu, pamenepo munene kuti si za makina."

Achemwali ake anali ataima patali, pafupi ndi mpanda wawo. Anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kulowa m'nyumba.

Katapila anakumba m'mawa wonse. Dzuwa lili paliwombo anatsamwa, n'kuzima. Kunamveka fungo ngati la nsalu yopserera, ndipo munthu wina kumbuyo anati, "Mchimwene wawo yemwe wanena."

Makaniko anathamangira kukatchinga pakhomo pa achemwali ake, koma munthu mmodzi satchinga mudzi. Anamukankhira m'ngalande momwemo. Pamene ankatulukamo malata anali akuthetheka, achemwali ake ali pamsewu ndi kamtolo pamutu, phazi limodzi lopanda nsapato.

"Achemwali, dikirani, ndikonza!"

"Wakonza kale, mchimwene," anatero mayiyo osatembenuka. "Ndinakulera ine mayi atamwalira. Lero wandiweruza ndi sipanala m'manja."

Anthu atabalalika, aliyense akupewa maso a mnzake, makaniko anabwerera kwa katapila. Nambala inali yomwe ija. Mzere wa penti unali wosaduka, mmene anausiyira. Anamasula sensayo, ndipo kunsonga kwa maginito kunali singano yathunthu, yokhota pang'ono, m'chibowo mwake muli kaulusi kobiriwira. M'mene anazindikira kuti tizitsulo ta m'mawa tija tinali nsonga za singano, maso ake anali atagwera kale pa batani la pachifuwa pake.

Anafika kunyumba dzuwa likulowa. Mkazi wake anali pakhonde pomwe paja, akung'ung'udza kanyimbo.

"Ndamva kuti alamu anyamuka," anatero. "Malo aja tsopano atsala m'manja mwanu. Zaka zonsezi ife tikupanikizana m'kachipinda kamodzi, iwo okha zipinda zinayi. Tiyambe kuumba njerwa mvula isanagwe."

Makaniko anafumbata dzanja. Singano ija inkamubaya m'chikhatho, ndipo ankangoganiza za dalaivala uja ndi malaya ake azigamba. Akanapita kukauza ndani? Mudzi unali utapeza kale mfiti yake, n'kukhuta.

Mkaziyo anatambasula dzanja osadzutsa mutu.

"Ndipatseni singano yangayo, zatsala zochepa. Ndipo vulani ovolosiyo, bambo, ndaona batani lina likugwedera."