Ndodo Kumbuyo kwa Ngolo

Usiku woyamba wa ulendo, atagona pansi pa ngolo asanafike ku Nguludi, Ellina anamva ndodo ikugogoda mumsewu: go, go, kenaka phazi lokwekwereza. Ng'ombe zinasiya kubzikula. Umu ndi momwe ankayendera azakhali ake, a Magdalena, amene anatsala ku Milepa.

Munali mu 1996. Munda unali utaguga, ndipo bambo ake a Ellina, a Lameck, anakweza makasu, mphasa ndi mbewu pangolo kulowera kumadzulo, kutsidya kwa Shire, komwe anamva kuti malo alipo. Mlongo wawo wolumala mwendoyo sanafune kumutenga. Anatuma Ellina, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, poti ndiye ankamutungira madzi.

"Kawauze kuti tikukasiya katundu, mawa tibwera kudzawatenga."

Ellina anakanena osaphethira. Azakhaliwo anamusisita kumutu, n'kuyamba kumanga kamtolo kawo.

Usiku wachiwiri kunalibe mwezi. Ndodo ija inazungulira ngolo pang'onopang'ono, n'kudzaima kumutu kwa Ellina. Ankamva munthu akupuma movutikira, ngati wakwera chitunda.

"Amayi, mukumva?" ananong'oneza.

"Gona iwe," anatero amayi ake, koma anamukokera pafupi n'kumugwira zolimba.

Kutacha, m'fumbi munali timaenje ta ndodo ndi mzere wautali wochokera kummawa. A Lameck anafufuta ndi phazi osayang'ana munthu. Tsiku limenelo ng'ombe zinkakoka mowefuka ngakhale potsetsereka, ndipo amayi ena pamjigo anafunsa chifukwa chake gogo wakumbuyoyo sakumukweza.

Usiku wachitatu Ellina anafuna kuyankhula. Ndodo inaima pafupi, mdima uli bii, iye anatsegula pakamwa, koma anaopa bambo ake, n'kufunda chitenje kumutu.

Masana ake anawapeza mnansi wawo, a Kalinde, panjinga, thukuta lili kamukamu.

"Achimwene, takufunani njira yonse. Mlongo wanu tinamupeza m'mbali mwa msewu, atakhala pamtolo wake. Anamwalira usiku wa tsiku lomwe munanyamukalo. Maliro taika dzana."

A Lameck anakhala pansi m'fumbi momwemo, chikwapu chili m'manja.

Usiku umenewo Ellina anachoka pamphasa n'kukakhala yekha pamsewu, mawu opepesa atawakonza kale. Anadikira mpaka tambala wam'mudzi wachilendo analira. Sikunabwere kanthu.

Anakula kutsidya kwa Shire, anakwatiwa, anabereka ana anayi. Mpaka lero amagona khutu lili kukhomo.