Salehe Anasudzula Katatu pa Kamera

Kuchigwa cha Honde, kumene tiyi amakwera phiri mpaka kukagunda mitambo, kunalibe banja lokoma ngati la Salehe ndi Kulusumu. Wotsutsa abwere adzanene pamaso. Salehe anali wodulira tiyi pa esiteti ina kumtunda kwa Hauna, mwamuna wa dzanja loti akagwetsa mpeni kamodzi, mizere itatu yagona. Kulusumu anali wothyola, ndipo dengu lake likafika pa sikelo, kapitawo ankapukuta magalasi kawiri. Agogo awo anachokera ku Mangochi wapansi, iwo anabadwira mu komboni ya antchito a pa esitetipo, nakwatirana ku mzikiti, nabereka mwana wamkazi, Samira. Zaka zisanu ndi zinayi, ngakhale kapu sinasweke m'nyumbamo. Chilema cha Salehe chinali chimodzi: diso la mwamuna wina likangotera pa mkazi wake, chakudya sichinkatsika pakhosi.

Ndiye kunabwera Nyarai, mtsikana wa ku Hauna komweko amene anakaphunzira zojambula mafilimu ku Harare. Anabwera ndi kamera, ndi kabuku kakale kong'ambika ngati tsamba la nthochi, ndi Terrence, mwamuna wojambula mawu amene ankayenda atavala zomvera m'makutu. M'kabukumo munali nkhani yaifupi imene agogo ndi adzukulu omwe anaiwerenga kusukulu: mwamuna abwera kuchokera ku migodi, namva mabodza, nathamangitsa mkazi wosalakwa. Nyarai ankafuna kuisamutsira mu komboni ya tiyi, anthu azilankhula chiNyanja, ikhale filimu ya mphindi khumi ndi zisanu. Atangomuona Kulusumu ali ndi dengu kumsana, anaima ngati wapondedwa ndi njovu.

"Mukoma Salehe, nkhope ya mai awa ndi imene ndakhala ndikufuna," anatero Nyarai.

"Nanga mwamuna wake m'filimumo ndani?"

"Pali mphunzitsi wina wa ku Hauna."

"Mphunzitsi akaphunzitse ana. Mkazi wanga sagwadira mwamuna wina, kaya ndi masewera kaya si masewera. Mwamunayo ndine."

Masiku anayi zonse zinayenda bwino, kupatula kuti m'mawa uliwonse Terrence ankamangirira kamaikolofoni pa kolala ya Kulusumu, ndipo Salehe ankakukuta mano mpaka agalu a ku Hauna ankamva. Tsiku lachisanu anafika pamene mwamuna athamangitsa mkazi. Komboni yonse inasonkhana, ena pamadenga, ena m'mitengo ya mapeyala.

"M'bukumu mwamunayo amangoponya katundu panja, osalankhula," anatero Nyarai. "Koma m'filimu anthu amafuna kumva. Kwanu kuno mwamuna amati chiyani?"

Salehe anatukumula chifuwa. "Amati, ndakusudzula, talaka."

"Baba Samira, mawu amenewo si oseweretsa," anatero Kulusumu motsitsa mawu.

"Ndi filimu iyi, amake mwana. Ukuopa chiyani?"

Kamera itayamba kujambula, Salehe ananena mawuwo koyamba, maso ali pa mkazi wake. Terrence anakweza dzanja: thirakitala yadutsa kumsewu, mawu aipa, abwereze. Ananena kachiwiri. Terrence anakwezanso dzanja: tambala walira kuseri kwa bafa. Ananena kachitatu, mwamphamvu moti malata ananjenjemera, ndipo anthu anaomba m'manja. Koma Miriamu, mkazi wa nyumba yoyandikana nawo, amene lilime lake linkafika ku Chipinge iye ali chikhalire, sanaombe. Iye ankapinda zala kuwerenga.

Abale anga, kudzikuza kumayendetsa munthu kupita kudzenje iye akumwetulira. Salehe anakana kuti mphunzitsi anene mawu amenewo, nawanena yekha, iye amene mawu ake anali ndi mano.

Dzuwa lisanalowe, nkhani inali itazungulira komboni kasanu: Salehe wasudzula katatu, pamaso pa mboni zoposa zana. Ndipo kwa Asilamu, mkazi wosudzulidwa katatu sabwerera kwa mwamuna wake pokhapokha atakwatiwa kaye ndi wina. Shehe Suleiman, mkulu wa mzikiti wa pa esitetipo, anawaitana onse awiri.

"Ena amati talaka alibe masewera," anatero shehe. "Ena amati wonena mawu a munthu wina m'sewero sanasudzule. Ine sindinalipo. Ndione kaye ndi maso anga zimene zinajambulidwa, ndifunsenso anzanga ku Mutare. Pakadali pano Kulusumu akakhale kwa mlongo wake Nasir."

Koma Nyarai anali atabwerera ku Harare kukalumikiza zithunzi. Pa foni anangoseka, nati filimu yosamalizidwa saonetsa munthu, adikire miyezi iwiri, ndi nkhani yaing'ono. Kwa iye inalidi yaing'ono.

Salehe anatsala yekha m'nyumba, akuphika ngati mbeta, akuonda ngati bango. Miriamu anamupeza pa mpopi akutsuka poto.

"Mlamu, thirakitala ija inu munaimva? Ine sindinaimve."

"Terrence anali ndi zomvera m'makutu."

"Eya, iye yekha. Anakweza dzanja kawiri ndani? Kamodzi kukanakwana, banja likanakhalapo. Ndipo mkazi wa talaka atatu amafunika mwamuna wina. Pagulu lija wosakwatira anali ndani? Ine sindinanene kanthu, mlamu. Ndabwera kudzatunga madzi."

Thirakitala inadutsadi, ndipo tambala analiradi. Koma nsanje ikalowa m'khutu, imatseka chitseko n'kumeza kiyi. Kuyambira tsiku limenelo Salehe ankaona dzanja la Terrence lili m'mwamba paliponse: m'munda, mu mzikiti, ngakhale m'kapu ya tiyi.

Kulusumu naye sanakhale chete. Anamva kuti Terrence, amene kwawo kunali ku Hauna, anasunga zojambulidwa za tsiku lija mu laputopu yake. Anakwera kombi, minibasi ya kumeneko, kawiri kukakumana naye kumsika, kuseri kwa ogulitsa nthochi, kukamupempha kuti akaonetse shehe. Terrence anakana koyamba, poopa kuti Nyarai amuchotsa ntchito. Kachiwiri anavomera, koma anamulumbiritsa kuti asauze munthu. Msika uli ndi maso zikwi khumi. Kulusumu asanatsike kombi, nkhani inali itafika kale kwa Salehe, itavala nsapato ndi chipewa.

Anapita kwa Nasir masana, naima pa mpanda.

"Ku Hauna umakatani?"

"Ndikukonza banja lathu, baba Samira."

"Kuseri kwa nthochi? Banja amakonzera kuseri kwa nthochi?"

"Dikirani mpaka Lachisanu, mudzaona."

"Ndidzaona nikaha, ukwati wako ndi wa zomvera m'makutu uja. Munapangana. Iwe unaima phee, iye akukweza dzanja, ine chitsiru ndikubwereza."

"Ndinakuchenjezani pamaso pa anthu. Munati ndi filimu. Amene ananena mawuwo ndani, ine kapena inu?"

"Lumbira kuti sunakumane naye."

Kulusumu anayang'ana pansi. Kunama sanafune, kuulula sakanatha. Nasir anatuluka m'nyumba nati, "Mlamu, shehe anati mudikire. Pitani kwanu." Salehe anapita, koma kukhala chete kuja anakutenga ngati kalata yosainidwa.

Ha, mkazi wosauka! Chinsinsi chimene ankasungira kupulumutsa nyumba yake ndicho chinanola mpeni.

Lachinayi masana kunagwa nkhungu yoti munthu sankaona mphuno yake. Salehe ankatsika kumunda, mpeni wodulira tiyi uli m'manja, pamene anamva mawu a mkazi wake pa shedi ya sikelo. Anayandikira. Terrence anali atabwera tsiku limodzi msanga, chikwama chili paphewa.

"Zonse zili umu, mai Samira," anatero. "Mawa zitha. Mukhala mfulu ku nkhani imeneyi."

Kulusumu anagwada pansi, naomba m'manja kuthokoza monga achitira anthu a kumeneko, misozi ili mbwembwembwe. Salehe anangoona mkazi wake atagwadira mwamuna wina.

"Mukoma, mwabwera bwino, ndimafuna ndikuonetseni," anayamba Terrence, akutsegula chikwama.

Sanamalize. Dzanja lija logwetsa mizere itatu linagwa kamodzi. Kulusumu anakuwa mpaka mapiri anayankha, othyola anataya madengu nathamanga, koma Terrence anatsirizika asanafike naye kuchipatala. Salehe sanathawe. Anakhala pansi pa sikelo pomwepo mpaka apolisi anafika.

Ku khoti lalikulu ku Mutare anthu anadzaza mpaka ena anakhala pamawindo. Anatsegula laputopu ija pamaso pa woweruza. Thirakitala inamveka ikudutsa. Tambala anamveka akulira. Salehe anamva zonsezo ali m'bokosi la oimbidwa mlandu, mutu uli m'manja. Nyarai anapereka umboni akulira, nati sanadziwe kulemera kwa mawu amene anapempha, ndipo filimuyo sadzaionetsa kwa munthu. Shehe Suleiman, amene anaona zithunzizo koyamba m'khotimo, anauza abale panja kuti iye ndi anzake agwirizana: Salehe ankanena mawu a munthu wa m'nkhani, banja silinathe ngakhale tsiku limodzi. Woweruza anati Terrence anafera chifundo chake, nalamula kuti Salehe akakhale m'ndende zaka makumi awiri.

Patapita mwezi, mlonda wa ndende anamuitana Salehe kuti kwabwera alendo. Kuseri kwa waya kunaima Kulusumu, Nasir ndi shehe. Salehe anathamangira pa wayapo.

"Amake mwana, wabwera. Shehe akuti ndiwe mkazi wangabe."

"Ndi chifukwa chake ndabwera," anatero Kulusumu. "Mayi a Terrence amagulitsa tomato pamene ndimatsikira kombi. Sindingawadutse ndili mkazi wa munthu amene anapha mwana wawo. Mboni ndi izi. Ndimasuleni."

"Ndinachita chifukwa chokukonda."

"Mukanandikonda mukanadikira tsiku limodzi."

Salehe anayang'ana shehe, shehe anayang'ana pansi. Anayang'ana Nasir, Nasir anayang'ana kukhoma. Ndipo mwamuna uja ananena mawu aja a talaka, motsitsa ngati wodwala. Kulusumu anakonza mpango wake natembenuka, osacheukanso.

Inu amuna amene mumalondera akazi anu ngati munda wa chimanga, imvani. Palibe anamulanda Salehe mkazi: osati mphunzitsi, osati Terrence, osati kamera ya ku Harare. Miriamu akutungabe madzi pa mpopi paja. Salehe akugona pa simenti, ndipo akadzatuluka, Samira adzakhala ali mayi wa ana akeake, osadziwa kuti nkhalamba yaima pakhomoyo aitche ndani.