Utsi pa Shopu ya a Mwabi

Utsi wonunkha unafuka kumbuyo kwa televizhoni, ndipo Dafroza anazula pulagi. Nthawi yomweyo bambo ake, a Mwabi, fundi wa mawailesi ku Mbagala, mumzinda wapadoko wa kudziko la eni, analowa kuchokera kumsika wa Kariakoo kokagula zipangizo.

"Wachita chiyani iwe?"

"Fyuzi inapsa, baba. Ndiye ndangomangapo kawaya."

A Mwabi anasolola bolodi yogawa magetsi. M'mawa inali ndi kathiranzisita kamodzi kokha kokayikitsa, koma tsopano theka lonse linali bii ngati makala. Televizhoniyo inali ya a Ndaona, dalaivala wa lole. Masiku amenewo katundu wakunja anali atangoyamba kusefukira padoko, ndipo iwo anaigula yogwirapo kale ntchito, yoti akapatse akazi awo ku Kasungu. Ulendo unali wa masana omwewo.

"Ndinati usayatse mpaka ndibwere!"

"Mumachedwa ndinu!" Dafroza anabweza mokalipa. "Mafundi onse mumsewu muno amamanga waya, makasitomala n'kumapita akumwetulira. Ife tsiku lonse kuyeza ndi mita ngati kuchipatala!"

"Khala chete! Fyuzi siipsa popanda chifukwa. Imafa kuti zinzake zipulumuke. Iwe m'malo mofufuza chimene chaipha, watsekulira moto khomo!"

Panja hutala inalira. A Ndaona analowa akuseweretsa makiyi, koma atanunkhiza nkhope inasintha.

"Achimwene, fungo limeneli ndi la katundu wanga?"

"Ndi lanu. Bolodi yapserera."

"Mungu wangu!" a Ndaona anakuwa m'chinenero cha kumeneko. "Ndinalambalala mafundi onsewa kudzera inu, mkulu wa mpingo, munthu wakwathu! Ufundi wake ndi umenewu? Ndikauza madalaivala onse, muone ngati wina adzapondanso pano!"

A Mwabi anavula chipewa. "Zaonongekera m'shopu mwanga. Kalipirani ine." Mwana wawo sanamuyang'ane n'komwe.

Dafroza anamva kutentha m'maso. Chibadwire anali asanaone bambo ake atazolika chonchi, kupatula popemphera.

"Ankolo, si iwowa ayi," anatero. "Wayayo ndamanga ndine, iwo kulibe. Anandiletsa."

A Ndaona anamuyang'anitsitsa, kenaka anatsonya n'kumenyetsa chitseko. Lole inanyamuka yopanda televizhoni.

Dafroza anapukuta misozi ndi mkono, anakoka mpando, nayala bolodi yopsererayo pafupi ndi zenera.

"Baba, ndiyambire pati?"