Amayi, Musapumule!

Uyu ndi Kabatani. Ndi kamtsikana kakang'ono. Nkhope yake ndi yozungulira ngati batani. N'chifukwa chake onse amamuitana Kabatani.

Amayi ake ndi telala. Amasokera m'chipinda cha kutsogolo.

Kabatani anali ndi khumbo limodzi. Sankafuna nsapato zatsopano. Sankafuna chidole. Ankafuna kuti Amayi asapumule.

Musamuseke. Anali ndi chifukwa chake.

Chaka chomwecho Abambo anadwala. Ankakhala pampando wawo wa pawindo. Ankangoti, "Ndatopa." Tsiku lina anapita kuchipatala. Sanabwerenso.

M'nyumba munadzaza anthu. Kabatani analira. Azakhali, alongo awo a Abambo, anamunyamula.

"Tonthola, mwanawe," anatero Azakhali. "Abambo ako anatopa. Tsopano akupumula kwa Yesu."

Kabatani anadikira kuti Abambo amalize kupumula. Anadikira pakhomo. Anadikira pawindo. Abambo sanabwere. Pampando wawo sipanakhalenso munthu. Amayi ankangounjikapo nsalu.

Kabatani anaganiza yekha. Wotopa amapumula. Wopumula sabwerera.

Khirisimasi inayandikira. Mumsewu munadzaza anthu. Aliyense ankathamanga. Aliyense ankafuna chovala chatsopano.

"Diresi langa latha?"

"Nanga malaya a mwana wanga?"

"Zipi iyi yakana, atelala!"

Makina ankalira. Tchaka-tchaka-tchaka! M'mawa ankalira. Masana ankalira. Madzulo ankalira.

Kale Amayi ankaimba posoka. Tsopano sankaimba. Kale ankapemphera ndi Kabatani. Tsopano ankangoti, "Yamba, ndikubwera." Koma sankabwera.

Tsiku lina Azakhali anabwera kudzacheza.

"Mlamu, maso anu afiira psuu!" anatero. "Mwaonda ngati singano yanuyo. Pumulaniko!"

Mtima wa Kabatani unagunda. Gu! Gu! Gu!

"Amayi sanatope!" anakuwa.

Azakhali anaseka. "Iii, kamwana aka! Kasanduka kapitawo liti?"

Lamlungu Amayi sanapite kutchalitchi. Ntchito inali tho. Kabatani anapita ndi Azakhali.

Aphunzitsi a Sande sukulu anati, "Ana inu, Yesu amaona anthu otopa. Amawaitana. Amafuna kuti apumule kwa Iye."

Ana ena anaomba m'manja. Kabatani sanaombe. Anachita mantha kwambiri.

Atafika kunyumba anabisala kuseri kwa chitseko. Anagwada.

"Yesu, Amayi sanatope," ananong'ona. "Musawaitane. Abambo muli nawo kale. Chonde, Amayi ndisiyireni."

Kenako anayamba ntchito yake. Anatenga pilo wa Amayi. Anamubisa m'dengu la zidutswa za nsalu.

Amayi akayamba kusinza, Kabatani ankatenga chitini cha mabatani. Ankachigwedeza. Wayawaya! Wayawaya!

"Kabatani, ukundisokosa!"

Amayi akasiya makina, Kabatani ankathothola batani la diresi lake.

"Amayi, batani lathothoka."

Amayi ankasoka. Mawa lake linathothoka lina. Kenako linanso.

"Kodi mabatani akowa ali ndi miyendo?" anafunsa Amayi.

Kabatani anayang'ana pansi. Ankaona kuti Amayi atopa. Ankawamvera chisoni. Koma mantha ake anali aakulu kuposa chisonicho.

Linafika tsiku loti mawa ndi Khirisimasi. Masana kunatentha. Makina ankalira. Tchaka-tchaka-tcha...

Singano inabaya chala cha Amayi. Makina anasiya kulira. Amayi anatsamira mutu pamakina.

"Ambuye Yesu, ndatopa," anatero. "Ndipumulitseni."

"Ayi!" Kabatani anakuwa. "Yesu, musawamvere! Amayi, musapumule!"

Anathamanga. Anagwira mwendo wa Amayi. Anaugwiritsitsa. Misozi inali chuchuchu.

"Chavuta n'chiyani, mwana wanga?"

"Abambo anatopa. Anakapumula kwa Yesu. Sanabwerenso. Inunso mukapumula, ine nditsala ndi ndani?"

Amayi anagwira pakamwa. Anayang'ana diresi la Kabatani. Anayang'ana chitini cha mabatani. Anamvetsa zonse.

Anamukweza pamiyendo.

"Mvera, Kabatani," anatero. "Azakhali ankafuna kukuuza mofatsa. Ine ndikuuza mosabisa. Abambo ako anamwalira. Anamwalira ndi matenda. Si kupumula kumene kunawatenga."

"Koma ali kwa Yesu?"

"Ali kwa Yesu. Zimenezo n'zoona. Koma Yesu amapumulitsanso anthu amoyo. Amapumulitsa mtima. Angatipumulitse mommuno."

Kabatani anapukuta mphuno. "Nanga inu simupumula bwanji? Ngakhale ndisanabise pilo, simunkagona bwino."

"Kani pilo unabisa ndiwe!"

Amayi anaseka pang'ono. Kenako kuseka kunatha.

"Makina akakhala chete, ndimakumbuka Abambo ako," anatero. "Ndiye ndimasoka. Ndimasoka kuti ndisalire."

"Ine ndimalirira kuseri kwa chitseko," anatero Kabatani.

"Wekhawekha?"

"Ndekhandekha."

Amayi anamukumbatira.

Pakhomo panamveka mawu. "Odi! Siketi yanga ija yatha?"

Amayi anayang'ana makina. Anayang'ana Kabatani.

"Pepani, mayi," anayankha. "Bwerani madzulo, muipeza. Pano ndili ndi mwana wanga."

Mayi uja anang'ung'udza. Kenako anapita.

Amayi anatseka chitseko. Anaphimba makina. Anapita pampando wa Abambo. Anachotsa nsalu yofiira. Kabatani anachotsa yobiriwira. Anachotsa zonse. Mpando unaonekanso.

Kabatani anathamangira kudengu. Anabwera ndi pilo. Pilo anali ndi tiulusi paliponse.

Amayi anakhala pampando wa Abambo. Kabatani anakhala pamiyendo pawo.

"Ambuye Yesu," anatero Amayi, "tatopa. Tikuwasowa Abambo. Tabwera tonse awiri."

"Koma tikhala konkuno," anawonjezera Kabatani.

"Inde, tikhala konkuno. Ameni."

Amayi analira. Kabatani analira. Analira limodzi. Palibe amene anabisala.

Kunja magalimoto ankaliza mabelu. Mawailesi ankasokosera. Anthu ankathamangabe. Koma m'nyumba munali zii.

Amayi anatsinzina. Mantha a Kabatani anabweranso pang'ono.

"Amayi?"

"Ika khutu pachifuwa panga. Ukumva chiyani?"

Kabatani anamvetsera. Chifuwa chinkakwera. Chifuwa chinkatsika.

"Mukupuma!"

"Eya. Ndikupumula, ndipo ndikupuma."

Amayi anagona tulo. Kabatani sanagwedeze chitini. Sanathothole batani. Anangomvetsera. Chifuwa chinkakwera. Chifuwa chinkatsika.

Dzuwa linapendeka. Linafika pamapazi a Amayi. Amayi anatsegula maso.

"Mwabwerera!" anatero Kabatani.

"Sindinapite kulikonse, mwana wanga."

Amayi anadzuka. Anamaliza siketi ija. Posoka anayamba kuimba chapansipansi. Inali nyimbo imene Abambo ankaikonda.

Pa Khirisimasi anapita kutchalitchi onse awiri. Anagwirana manja. Mabatani a Kabatani anali onse.

Pakhomo la tchalitchi anakumana ndi Azakhali.

"Mlamu, lero maso ayera! Mwapumula?"

Kabatani ndi amene anayankha.

"Apumula, Azakhali. Mawa apumulanso. Pilo ndikawapatsa ndine."