Ndani Abereke Nuru?

Esime ankakonda kuthamanga. Akatumidwa mchere, ankathamanga. Akatumidwa madzi kumjigo, ankathamanga. Popita kumadrasa, ankathamanganso. Kuyenda pang'onopang'ono mwana ameneyu sankakudziwa.

Koma pa tchuthi ichi Esime sankathamanga. Kumsana kwake kunali Nuru.

Nuru anali mlongo wake wakhanda. Anali wonenepa. Masaya ake anali ngati zitumbuwa. Anali atangoyamba kukwawa. Chilichonse ankagwira. Chilichonse ankaika m'kamwa.

Amayi awo ankafutsa usipa kudoko. Kudoko kunali moto. Kunali madzi owira. Sanali malo a mwana wokwawa.

"Esime, bereka mlongo wakoyu," ankatero amayi m'mawa uliwonse.

"Chabwino, amayi," ankayankha Esime.

Lolemba, pabwalo la sukulu panaima minibasi. Munatuluka anyamata ndi atsikana ovala malaya achikasu. Anali ophunzira a ku yunivesite. Anatsitsa mipira. Anatsitsa zingwe. Anatsitsa mapepala ndi makrayoni.

Mtsikana wina anaimba wenzulo. Dzina lake linali Victoria.

"Ana nonse bwerani!" anafuula. "Kampu ya tchuthi yayamba. Ndi yaulere. Tisewera sabata yonse. Loweruka kudzakhala mpikisano wothamanga!"

Mpikisano wothamanga! Mtima wa Esime unali dyokodyoko.

Koma Esime anangoima pansi pa mtengo wa mango. Sanali yekha. Naima analipo, atabereka mng'ono wake. Lusiya analipo, atabereka mwana wa azakhali ake. Onse ankangoonerera.

Lachiwiri, Esime analephera kupirira. Ana atafola pamzere, iyenso anafola. Wenzulo inalira. Esime analiyatsa liwiro, Nuru ali kumsana.

Mutu wa Nuru unapita uku. Unapita uko. Nuru analira mokweza.

"Ima! Ima!" anakuwa Victoria. "Mwanayo avulala!"

Esime anaima.

"Taonani, Esime wabwera ndi katundu!" anatero mnyamata wina, dzina lake Sameer. Anyamata anaseka.

Esime anachita manyazi kwambiri. Anabwerera kumtengo wa mango. Anamutonthoza Nuru mpaka anasiya kulira. Koma misozi yake Esime panalibe woipukuta.

Lachitatu, Esime anakhala pansi moyang'ana kumbali. Sanafunenso kuona bwalolo.

Victoria anabwera kumtengo kuja. Anabwera ndi mnzake Oscar. Oscar anali wamtali ngati mgwalangwa.

"Atsikana, bwanji simukubwera?" anafunsa Oscar. "Simukonda masewera?"

"Timakonda, achimwene," anayankha Naima. "Nanga anawa tiwasiye kuti? Pamchenga?"

Oscar anakanda mutu. Victoria anagwira pakamwa. Iwo anaganiza za mipira. Anaganiza za madzi akumwa. Anaganiza za mankhwala a zilonda. Koma za makanda sanaganize. Anthu owerenga mabuku akuluakulu, koma ichi chokha chinawapita.

"Ndipatse Nuruyo kuno," anatero Oscar kwa Esime. "Ndim'bereke ine."

Naima ndi Lusiya anafa nako kuseka. Koma Esime sanaseke.

"Ayi, achimwene," anatero. "Amayi sanalole. Mwana sitipatsa mlendo."

"Wanena zoona," anatero Victoria. "Tiye tikawapemphe."

Anapita kudoko. Anapeza amayi akuyanika usipa pathandala. Victoria ananjuta. Oscar anavula chipewa. Anapatsana moni. Kenako Victoria anafotokoza zonse.

Amayi anamuyang'ana Oscar. Anayambira kumutu mpaka kumapazi. Zinatenga nthawi, poti munthuyo anali wamtali.

"Inuyo?" anafunsa amayi. "Munaberekapo mwana?"

"Ayi, mayi. Koma ndiphunzira."

"Ameneyutu si buku. Amalira. Amakanda. Amanyowetsa."

Azimayi a pathandala anaseka chikhakhali.

Kenako amayi anayang'ana Esime. Esime anali atazolika. Ankalemba pamchenga ndi chala cha kuphazi.

"Esime, ukufuna kuthamanga?"

"Eya, amayi," anayankha chapansipansi. "Ngakhale kamodzi kokha."

Amayi anasiya kuyanika usipa. Chisoni chinawagwira. Mwana wawo sanadandaulepo, ngakhale tsiku limodzi.

"Chabwino," anatero amayi. "Koma achimwenewa ayambe alemba mayeso pompano. Mphunzitsi wawo ndi Esime."

Esime anamasula chitenje. Anatsitsa Nuru.

"Weramani, achimwene," anatero.

Oscar anawerama.

"Weramaninso. Mwatalika."

Oscar anaweramanso. Esime anaika Nuru pamsana pake. Anamufunditsa chitenje.

"Mangani pamwamba. Tsopano mangani pansi. Miyendo ituluke uku ndi uku."

Oscar anamanga. Anaweramuka. Nuru anatsetsereka pang'onopang'ono mpaka m'chiuno. Esime anamuwakha.

"Mwalakwa, achimwene. Yambiraninso."

Oscar anamanganso. Ulendo uno anathinitsa kwambiri. Nuru anakuwa.

"Mwalakwanso. Si mtolo wa nkhuni ameneyu."

Oscar anatuluka thukuta. Anamanga kachitatu. Esime anayang'ana mfundo ya pamwamba. Anayang'ana ya pansi. Anagwedeza mutu kuvomera.

"Tsopano yendani pang'onopang'ono. Muimbireni."

Oscar anaimba. Abale, kuimba kwake! Achule a m'bango amaimba bwino kuposa iye. Koma Nuru anaikonda nyimboyo. Anagwira khutu la Oscar. Anayasamula. Anagona tulo.

"Akhoza," anatero amayi.

Amayi a Naima nawo analola. Azakhali a Lusiya nawo analola.

Lachinayi, pansi pa mtengo wa mango anayalapo mphasa. Panali makanda asanu ndi awiri. Ophunzira a ku yunivesite ankasinthana. Uyu akabereka, uyo akuimba wenzulo. Uyu akatopa, uyo akulandira. Atsikana anadzaza bwalo. Analumpha chingwe. Anajambula nsomba ndi ngalawa. Esime anathamanga mpaka fumbi koboo!

Loweruka linafika. Makolo anabwera kudzaonerera. Amayi a Esime anasiyira mnzawo usipa, nawonso anabwera.

Ana anafola pamzere. Esime anali pakati. Sameer anali kumanja kwake. Lusiya anali kumanzere. Oscar anaima pambali, Nuru ali kumsana.

Wenzulo inalira.

Esime analiyatsa liwiro la mtondo wadooka. Msana wake unali wopepuka. Mphepo inkalowa m'malaya. Anapitirira Naima. Anapitirira Sameer. Anapitirira Lusiya. Kutsogolo kunalibenso munthu.

Kenako anamva kulira.

Kulira kumeneko ankakudziwa. Anali Nuru.

Miyendo ya Esime inachepetsa yokha liwiro. Anacheuka. Kodi wagwa? Kodi walumidwa ndi nyerere? Lusiya anamudutsa, fyuu!

"Esime!" anakuwa amayi. "Usacheuke! Ine ndilipo! Thamanga, mwanangu!"

Esime anamva. Anayang'ana kutsogolo. Anathamanga. Anathamanga. Anathamanga.

Lusiya anafika woyamba. Esime anafika wachiwiri. Sameer anafika pambuyo, lilime lili panja.

Amayi anaimba nthungululu. Anaimba ngati kuli ukwati. Anthu onse anatembenuka kuwayang'ana. Iwo analibe nazo ntchito.

Esime sanapume n'komwe. Anathamangira kwa Oscar.

"Achimwene, Nuru watani?"

Oscar anatembenuka. Malaya ake achikasu anali atanyowa msana wonse.

"Palibe chimene chamuchitikira," anatero Oscar. "Amene ndaona zakuda ndine."

"Ndinakuuzanitu," anatero amayi uku akuseka. "Musadandaule, wakukondani. Sikomo kwambiri, achimwene."

Amayi anamusintha Nuru thewera. Nuru anasiya kulira. Anayamba kusekerera ngati si iye.

Nthawi yopita kunyumba inakwana. Esime anatola chitenje. Anawerama, monga mwa masiku onse.

"Muikeni, amayi," anatero.

Amayi anamuyang'ana. Anamulanda chitenje chija mwachikondi.

"Weramuka, mwanangu. Ine sindinkadziwa kuti umathamanga chonchi. Lero ndibereka ndine."

Amayi anaponya Nuru kumsana. Anamanga pamwamba. Anamanga pansi.

"Nanga ine ndinyamule chiyani?" anafunsa Esime.

"Palibe," anatero amayi. "Iwe tsogola. Ukawauze abambo ako zimene wachita."

Esime anaseka ndi chimwemwe. Anapsompsona tsaya la Nuru. Kenako anathamanga, manja ali m'mwamba, mpaka kunyumba.